Kagetsi kofiira kamene kananamiza apongozi anga

Apongozi anga aamuna amakhala kumudzi kumene mawaya a magetsi sanafike, ndipo TV yawo imayaka ndi batire la galimoto la mavolti 12, limene ankabwera nalo kwathu ku Lunzu atalimangirira pa njinga kuti ndidzawatchajire. Tchaja yanga ndi yakalekale, yolemera ngati mtondo, ndipo ilibe singano kapena kagetsi kosonyeza kuti moto ukulowa m'batire, moti munthu amangomvera kung'ung'udza kwake n'kukhulupirira. Popeza ndinkafuna kuti adziwe kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba, ndinaganiza zopanga ndekha kachipangizo kamene kaziyaka batire likamalandira moto.

Nzeru yake ndi yosavuta. Pa waya wofiira wochoka ku tchaja umadulapo n'kuikapo resistor yaing'ono, kachipangizo kochepetsa moto wodutsa m'waya, ndipo moto ukamadutsamo, mbali ziwiri za resistoryo zimasiyana mavolti. Kusiyanako kukafika pafupifupi 0.6, transistor ya BC557, imene imagwira ntchito ngati switchi, imatsegula njira ndipo kagetsi ka LED kamayaka. Transistor ndi kagetsi kofiira ndinagula kumsika wa Limbe, koma resistor ndinakana kutayirapo ndalama, chifukwa m'wailesi yakufa imene inali pansi pa bedi ndinapezamo ya mizere yabulawuni, yakuda ndi yagolide, kutanthauza ohm imodzi, umene ndi muyezo wa momwe resistor imachepetsera moto. Kanali kanthu kochepa ngati kambewu ka mpunga. Ndinawotcherera zonse ndi mtovu, n'kuziika m'kabokosi kosungiramo sopo ka mayi a Chifundo, amene mpaka lero sanandikhululukire chifukwa cha kabowo kamene ndinaboola pachivindikiro ndi msomali wamoto.

Apongoziwo anafika Loweruka madzulo, ndipo ndinawayalira mphasa pafupi ndi tchaja kuti aone okha. Nditangopana mawaya pamitu ya batire, kagetsi kanayaka. Iwo anagwedeza mutu nati, "Akamwini, sukulu ija simunapite pachabe." Pasanathe mphindi imodzi kunamveka fungo la chinthu chopserera, ndipo ine, ndili ndi chidaliro chonse, ndinafuula kuti, "Mayi a Chifundo, nyemba zikupsereratu uko!" Anandiyankha ali kukhitchini kuti tsiku limenelo ndiwo zinali usipa ndipo anali ataphula kale. Ndinayang'ana kagetsi kaja, ndinaona kakuwalabe, ndiye mlandu ndinausenzetsa aneba amene amakonda kutentha mapulasitiki madzulo.

Chimene sindinawerengere ndi kutentha. Tchaja yanga imatulutsa mavolti oposa 14 pang'ono, batire lotha linali cha pa 12, ndipo kusiyana kwa mavolti awiri ndi theka pa ohm imodzi kumakankha moto wokwana ma amp awiri ndi theka, amene amasanduka kutentha kwa mawati pafupifupi 6. Kambewu ka mpunga kaja kanapangidwa kuti kapirire kota ya wati imodzi basi, choncho ndinakasenzetsa katundu woposa mphamvu zake maulendo oposa 20, ndipo kanapsa n'kuduka m'kati. Apa ndi pamene panali chipongwe chenicheni. Resistor itaduka, kusiyana kwa mavolti pakati pa tchaja ndi batire sikunachoke, ndiye transistor inakhalabe yotsegula, ikudya kamoto kosakwana n'kutchaja batire la wotchi komwe. Kagetsi kanawala usiku wonse mokhulupirika, batire lisakulandira kanthu. Ine ndinadzuka kawiri kukakasuzumira, ndipo maulendo onse awiri ndinabwerera kukagona ndikudziyamikira.

M'mawa apongozi anamanga batire lawo ndi malegeni n'kupalasa ulendo wa kumudzi, ndipo popeza tsikulo kunali mpira wa Bullets ndi Wanderers, anaitana anyakwawa pamodzi ndi akuluakulu a mpingo, atawauza kuti ulendo uno batire latchajidwa ndi makina opangidwa ndi mkamwini wawo. Anthu anadzaza pabwalo, ena atabwera ndi mipando yawo. TV inayaka, osewera analowa m'bwalo, ndipo woyimbira atangoika wezulo pakamwa, chithunzi chinafota n'kuzima. Ndinamva pambuyo pake kuti anyakwawa anangonyamuka mwakachetechete n'kukamvera mpirawo pa wailesi ya mnyamata woweta mbuzi.

Foni inalira ndikudya nsima. Apongozi sanakalipe, chifukwa si munthu wokweza mawu. Anangofunsa kuti, "Akamwini, kodi makina anu aja amalowetsa moto kapena amachotsa?" Ndinathamanga kukatsegula kabokosi ka sopo, ndipo ndinapeza kakhala kakuda kamene kanafumbutuka nditangokakhudza ndi chala.

Lolemba ndinabwerera ku Limbe, kumene wogulitsa zipangizo anaseka mpaka kugwira nthiti, kenako anandipatsa resistor yoyera yadothi ya 0.22 ohm, yopirira mawati 10, yaitali ngati chala. Ndi imeneyi kagetsi kamayaka moto ukafika pafupifupi ma amp atatu ndipo kamazima batire likayandikira kudzaza, monga momwe ndinkafunira poyamba. Ndinawatumizira apongozi uthenga kuti zonse zakonzeka. Loweruka lotsatira ndinawaona akudutsa pamsewu, batire lili pakaliyala. Anatsika panjinga, anandipatsa moni mwaulemu wonse, anafunsa za adzukulu awo, kenako anakankha njinga yawo kupita kwa mnyamata wometa tsitsi amene amatchaja mabatire molipiritsa.