Kabokosi ka Roland katikanganitsa tsiku lonse

Loweruka, ku Ulongué, ku Mozambique.

Kwacha ndi chisanu choluma zala. Nditamwa tiyi ndinathamangira kwa alamu anga, kumene tinapangana kujambula nyimbo ziwiri za kwaya ya achinyamata. Situdiyo yawo ndi kachipinda kuseri kwa nyumba: makoma omata mathireyi a mazira, kompyuta yokhala ndi pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio, ndi kiyibodi ya Yamaha PSR, mtundu womwe uja umapezeka m'matchalitchi ambiri kuno ku Angónia.

Kujambula kunachedwa chifukwa cha mng'ono wawo, amene wafika dzulo kuchokera ku Johannesburg. M'chikwama chake munatuluka Roland JU-06A, kabokosi kakang'ono kotulutsa mawu a kiyibodi, koyendera mabatire anayi kapena chingwe cha USB. Kanatuluka mu 2019, ndipo ntchito yake ndi kulira ngati makiyibodi akale a Roland, Juno-60 ya 1982 ndi Juno-106 ya 1984. Makina akalewo ndi a analog, mawu ankaumbika magetsi akamadutsa m'tizipangizo tenitweni. M'kabokosika muli kakompyuta kowerengera mmene magetsiwo ankayendera, n'kutsanzira.

Alamu anatuma mwana kukaitana madala ena a kutchalitchi kwathu. Iwowa anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo asanabwerere mtendere wa 1992 utabwera, ankaimba kiyibodi m'bandi ina ku Lilongwe. Juno-106 yeniyeni anaigwirapo ndi manja awo, nkhani imene sitinaimve kamodzi kokha. Tinalumikiza kabokosiko ku PSR ndi chingwe cha MIDI cha mano asanu chija, madala n'kukhala pampando osavula chipewa. Mnyamata wa ku Johannesburg uja anadina batani la chorus, mawu n'kufutukuka, kudzaza kachipinda konse.

Madala anaimba kanthawi ali duu. Kenako anati, "Mawu ndi omwewo, mwana wanga, sindingakunamize. Koma taona izi." Anagwira makiyi awiri kumanzere, atatu kumanja, ndipo liwu limodzi linasowa. Kabokosika kamatulutsa mawu anayi okha nthawi imodzi, pamene Juno inkatulutsa asanu ndi limodzi. Kwa wopanga mabiti si nkhani, koma woimbira kwaya, amene dzanja lamanzere limanyamula besi, amaziona msanga. Dandaulo lawo lachiwiri linali timasilaida, tizitsulo tokankha posintha mawu: n'tatifupi kwambiri, ndipo chala cha munthu wolima mbatata ya kachewere chikangokhudza pang'ono, mawu adumpha kale kupitirira pamene umafuna.

Mnyamatayo sanagonje. "Madala, Juno yanuyo itakhala pano lero, ikafa akonza ndani?" Apa ananena zoona. Juno-106 imadziwika ndi timachipu ta mawu timene timafa ikakalamba, liwu limodzi n'kuyamba kusasa kapena kungoti zii. Amisiri athu a pamsika amakonza mafoni ndi mawailesi bwino lomwe, koma zipangizo za makina a 1984 angazipeze kuti? Ndiye uwonjezepo mtengo wa yogwiritsidwa kale ntchito, umene unakwera chifukwa osonkhanitsa zakale akuilimbirana.

Alamu anga, amene amawerenga zinthu izi usiku m'malo mogona, anaponyapo yawo. Anati Juno yomwe madala akuitamayo si ya analog yokhayokha: chimene chinkasunga mawu ake kuti asasokonekere chuni chinali kawotchi ka digito. Kiyibodi ya Minimoog ya 1970 ndiyo inalibe zimenezo, ndipo inkafuna uiyatse idikire itenthe kaye, chifukwa chuni chake chinkayenda ndi nyengo. Tangoganizani, anatero, kuichotsa m'chisanu cha kuno m'mawa n'kukaimba nayo madzulo mumzinda wa Tete, kumene ngakhale mphepo ya pa Zambezi imabwera yotentha. Tinaseka tonse. Madala nawo anaseka, n'kuvomera kuti m'masiku awo palibe amene ankanyadira analog. Yamaha DX7 itatuluka mu 1983, ya digito yeniyeni, woimba aliyense ankalota imeneyo, ndipo makina akale ankagulitsidwa motchipa. Chikondi cha analog chinabwera pambuyo, ndipo pofika 1995 kampani ya ku Sweden inali itatulutsa kale Nord Lead, ya digito yotsanzira analog.

Maganizo a alamu ndi akuti mkangano wonsewu ndi wa anthu okhuta. Nyimbo yathu ikatuluka muno ipita pa WhatsApp, imvedwe pa sipika ya foni kapena mu chapa (minibasi) yodzaza matumba a chimanga. Ndani adzasiyanitse pamenepo?

Pa za mawu ndikugwirizana nawo, khutu langa silinamve chosowa. Koma chimene ndaona lero n'china. Tili mkati mokangana, mtsikana wina wa soprano anayamba kuseweretsa silaida ya filter uku akung'ung'udza nyimbo yathu. Akaikweza mawu ankawala, akaitsitsa ankalowa pansi, ndipo posakhalitsa anapeza pamene pankagwirizana ndi liwu lake. Mtsikanayu pa kompyuta sayandikira n'komwe. Ifenso tikakhala pa FL Studio timangosankha mawu okonzeratu pamndandanda, kudina, kudina, mpaka kutopa. Okonza makina akale anaika chilichonse poyera, chinthu chimodzi silaida yake, ndipo dzanja limaphunzira lokha. Ngati makina atsopanowa akutengera zimenezo, zoti m'kati muli chipu kapena waya ine sizindikhudza. N'chifukwa chake pa madandaulo awiri a madala, la timasilaida tating'ono ndi limene ndaliona lolemera.

Cha m'ma 3 koloko magetsi anazima. Kompyuta ndi PSR zinagona, kabokosi kokha n'kumalirabe pa kasipika kake kam'kati. Mnyamata uja anayang'ana madala osanena kanthu, madala n'kuyang'ana kudenga. Tinadya nsima ya nyemba podikira.

Atayaka tinajambula nyimbo imodzi yokha. Vuto la mawu anayi alamu analizemba pojambula dzanja lamanzere palokha, lamanja palokha. Madala ananyinyirika kuti kumeneko si kuimba, komabe anaimba, ndipo mbali yawo inatuluka bwino kuposa zonse. Potsanzikana anafunsa ngati angakabwereke kabokosiko pa mapemphero a mawa. Mwini wake wavomera, bola akanyamule yekha ndipo akhale pafupi. Nyimbo yachiwiri tijambula mawa masana, ndipo ine andituma kukagula mabatire.