Nsidze zanga zinatsala ku Chikwawa

Aliyense amene anakhalapo ku Joni akuidziwa Nissan 1400, kapikapu kaja kamene anakapanga mpaka 2008 osakasintha kwenikweni. Yanga ndinaigula yotopa, koma ndalama za maganyu a chaka chathunthu ndinazikwirira pansi pa boneti: kabuleta ya Weber 32/36, ekizozi ya mapaipi anayi, ndi kamu yoti injini ikangolira galimoto yonse izinjenjemera ngati yadwala malungo. Makaniko wa konko anandikokera taimingi kutsogolo, kuti pulagi izitulutsa moto msanga pistoni isanafike pamwamba. Kagalimoto kanayamba kuthamanga ngati kaba nkhuku.

Chimene sanandiuze n'chakuti Johannesburg ili pamtunda, mamita oposa 1,700, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo injini imapirira taimingi yotsogola. Apongozi anga amakhala ku Chikwawa, kuchigwa, kumene mpweya ndi wolemera ndipo dzuwa la Okutobala likhoza kukuphikira dzira m'thumba. Titatsika zitunda za ku Thabwa n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, ndinaponda moto kuti ndipitirire lole, injini n'kuyamba kulira ngati mwana waika timiyala m'chitini n'kumagwedeza. Kulira kumeneko si kwa masewera. Ndiye kuti mafuta akuphulika mwachisawawa m'silinda, ndipo ukakunyalanyaza pistoni imaboola. Mankhwala ake ndi ophweka: kumasula bawuti imodzi, kutembenuza distiribyuta (kachipangizo kogawa moto ku mapulagi) pang'ono kuti moto uchedwe ndi madigiri atatu kapena anayi, n'kumanganso. Ntchito ya mphindi zisanu.

Koma mawa lake kunali ukwati wa mlamu wanga wamkazi, ndipo galimoto yonyamula akwati inali yangayi. Pakhomo panali podzaza: azakhali, amalume, amayi akusinja, ana ngati nyerere. Ndiye munthu wochokera ku Joni angotembenuza kanthu pang'ono n'kutseka boneti? Ndinavala ovolosi. Ndinayala masipanala pa chiguduli motsatana kukula kwake. Ndinatulutsa timing light, nyali yoonera taimingi, ana n'kubwerera m'mbuyo poyesa mfuti. Kenaka ndinachotsa mapulagi onse anayi, ndinachotsa sefa ya mpweya, n'kuika galimoto m'giya folo kuti ndiziikankha pang'onopang'ono mpaka kamzera ka pa pule ya injini kafike pa ziro, kusonyeza kuti pistoni ya nambala wani yafika pamwamba. Ndipo popanda chifukwa chilichonse, kupatula choti anthu ankaonerera, ndinazula distiribyuta yonse n'kuikweza m'mwamba ngati mlenje woonetsa kalulu.

Apa mpamene anandiitana kunsima. Mkamwini sakana nsima ya apongozi, makamaka ya nkhuku.

Potuluka ndinapeza galimoto ili pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi pamene ndinaisiya. Apongozi aamuna anali atakhala pampando wawo wa ndalema, akutokosa m'mano.

"Akamwini, ndauza anyamata aikankhire pamthunzi. Imapsa ndi dzuwa."

"Mwachita bwino bambo," ndinatero, mtima uli phaphapha.

Galimoto yopanda mapulagi imakankhika mosavuta ngakhale ili m'giya, ndipo injini inali itazungulira kangapo, kangati palibe anawerenga. Sindinadandaule kwambiri. Ndinabweza kamzera kaja pa ziro, kulozetsa rota, kamuvi kozungulira m'kati mwa distiribyuta, ku waya wa nambala wani, kulowetsa distiribyuta, kubwezera mapulagi, mawaya 1-3-4-2 monga mwa lamulo lake. Chimene ndinaiwala, chimene ngakhale mnyamata wotsuka masipanala ku Ndirande amachidziwa, n'chakuti kirankishafuti imazungulira kawiri pamene distiribyuta yazungulira kamodzi. Kamzerako kamafika pa ziro kawiri: pamene pistoni yapanikiza mafuta, ndi pamene yangomaliza kutulutsa utsi, valavu yolowetsa mafuta ikuyamba kutseguka. Ine ndinasankha kachiwiriko.

Mlamu wanga wamwamuna anakhala pa chiwongolero. Anapotokola kiyi, sitata n'kulira, injini zii. Kachiwiri, zii. Anthu anayamba kuyandikira. Ndinati mwina mafuta sakufika, ndiye ndinapopa kabuleta ndi dzanja kasanu, n'kuwerama kusuzumira kukhosi kwake kwenikweni, nkhope ili pafupi ngati ndikufuna kuinong'oneza.

"Alamu, likhani!"

Phuu! Lawi la moto linatuluka m'kabuleta n'kundipsopsona kumaso. Nkhuku zinauluka kudutsa denga. Mbuzi ya paukwati inadula chingwe. Agogo ena anagona chafufumimba kuseri kwa mtondo akuitana Yesu, ati nkhondo ya ku Mozambique yayambiranso. Ine ndinangoima chilili, ndikumva fungo lija la nkhuku akamaiwawula, osadziwa kuti nkhukuyo ndine.

Mayi a kunyumba anafika akuthamanga, anandiyang'ana, anagwira pakamwa. Ndinayesa akulira. Mapewa ndi amene anawaulula.

"Bambo a mwana, nsidze zija mwaziika kuti?"

Apongozi aamuna ananyamuka pampando mosafulumira. Zaka zonsezi ndinkangowadziwa ngati mlimi wa thonje. Sindinkadziwa kuti nthawi ya Kamuzu anayendetsapo ma Land Rover a petulo, aja oti akakufera kutchire makaniko ndiwe wemwe. Sanandinyoze. Anangopempha sipanala ya mapulagi, anachotsa pulagi ya kutsogolo kufupi ndi radiyeta, n'kutseka bowolo ndi chala chachikulu.

"Kankhani pang'onopang'ono, ana inu."

Galimoto inasuntha pang'ono, ndipo tonse tinamva kuti psii, mpweya ukukankha chala chawo.

"Mwaumva akamwini? Ukamapuma chonchi ndiye kuti pistoni ikukwera ndi katundu. Ziro wake ndi ameneyu. Uja munapeza inu ndi wa utsi."

Anazula distiribyuta, anaitembenuza, anaibwezera. Kiyi kamodzi kokha, injini n'kulira. Amayi analuluta ngati akwati afika kale.

Pofuna kupulumutsa kaulemu kotsala, ndinati zomalizitsa ndichita ndekha ndi chipangizo changa. Ndinachotsa kapaipi ka vakyumu n'kukatseka, kupana waya wa nambala wani, kupaka choko pa kamzera. Nyali ija ikuphethira, kamzera kanaoneka ngati kaima malo amodzi, ndipo kanali patsogolo kwambiri. Ndinagwira distiribyuta kuti ndikabweze pa madigiri 10. Dzanja linali thukuta lokhalokha, ndipo waya wina anali wong'aluka. Magetsi a ku koyilo ndi mavolti masauzande ambirimbiri, ndipo onse anadzera m'chigongono changa. Ndinadumpha, mutu n'kugunda boneti, pakamwa panga n'kutuluka mawu ena ake amene ndinaphunzira pa renki ya mataxi ku Joni. Apongozi aakazi anali ataima pambali panga ndi kapu ya thobwa.

"Akuti chiyani akamwini?"

"Akuthokoza m'Chizulu, amayi," anayankha mayi a kunyumba, misozi ili mbwembwembwe.

Taimingi anamaliza ndi apongozi aamuna, ine nditangowagwirira nyali ngati mwana wa sukulu. Titakaiyesa pamsewu wa ku Nchalo, timiyala tija tinali titatheratu.

M'mawa wa ukwati mayi a kunyumba anandikhazika pa mpando n'kundijambula nsidze ndi pensulo yawo ya m'maso. Kunena zoona zinakhala bwino, moti azakhali ena anati ndikuoneka wachifundo kuposa kale. Koma tchalitchi chinali cha malata, mwambo unatenga maola atatu, ndipo kunja kunali Chikwawa. Pa chithunzi cha banja chimene chili pakhoma kwa apongozi mpaka lero, akwati akumwetulira, apongozi aamuna agwira boneti ya galimoto yanga ngati yawo, ndipo kumapeto kwenikweni kwaima ine, nsidze imodzi ili pamalo pake, inayo yatsikira pa tsaya.