Mitanda 31, manda 55

Teremu ino, pa kosi ya chitetezo cha ana, anatiuza kuti aliyense asankhe nkhani yakale ya nkhanza n'kuifufuza. Ine ndinatenga ya sukulu ya Dozier, m'tauni yaing'ono ya Marianna kumpoto kwa Florida ku America, komwe boma linkatsekera anyamata olakwira malamulo kuyambira 1900 mpaka 2011.

Ntchito yanga yoyamba inabwera itadzaza inki yofiira. Ndinali nditalemba kuti kumanda a pasukulupo, otchedwa Boot Hill, kunaikidwa anthu 31, poti ndiye kuchuluka kwa mitanda ya mapaipi imene inazikidwa pamenepo. Aphunzitsi anangolemba m'mbali kuti, "Mwawerenga mitanda kapena anthu?" Manyazi anandigwira. Nditabwereranso ndinapeza kuti akatswiri a University of South Florida, motsogozedwa ndi Erin Kimmerle, atakumba mu 2013 anapeza manda 55, n'kufukulamo mafupa a anthu 51.

Woyamba kuzindikiridwa anali George Owen Smith wa ku Auburndale, ndipo ndi amene wandikhala pamtima. Anapita ku Dozier mu 1940 ali ndi zaka 14, pa mlandu wa galimoto yobedwa. Ankakonda kuimba gitala. Patangopita miyezi yochepa akuluakulu a sukulu anauza makolo kuti mwana wathawa, kenako mu Januwale 1941 anati wapezeka atafa pansi pa nyumba ina m'tauniyo. Makolo atafika anangolozeredwa mtumbira wa dothi latsopano. Kwathu kuno mungayerekeze kuika mwana wa eni, eni ake asanaone nkhope? Apa ndinatseka kaye kompyuta n'kutuluka panja.

Mlongo wake, amene panthawiyo anali kamtsikana, sanaleke kufunsa kwa zaka zoposa 70. DNA yake ndiyo inatsimikiza mu 2014 kuti mafupawo ndi a George. Anam'peza m'dzenje lokumbidwa mothamanga, wopanda bokosi, atakulungidwa m'nsalu, atagona chammbali. Chimene chinamupha madokotala analephera kuchipeza.

Za kanyumba kotchedwa White House, momwe anyamata ankakwapulidwa ndi lamba wachikopa, zinamveka kwambiri okalamba amene anapulumuka atayamba kuyankhula poyera. Nyumba ya malamulo ya Florida inapepesa mu 2017. Kupepesako sindikunyoza, koma ambiri oyenera kukumva anali atapita kale.

Chimene chandivuta monga wophunzira n'chakuti ndimakhulupirira kaundula mopitirira muyeso. Chikalata chikakhala ndi chidindo, ine basi ndagonja. Koma kaundula wa ku Dozier ankalembedwa ndi omwewo ogwira lamba, ndipo mawu akuti "wathawa" ankakwanira kutseka nkhani ya mwana.

Ntchito ndailembanso. Pamene panali anthu 31 ndaikapo anthu 51 m'manda 55, ndipo ndime yoyamba yayamba ndi dzina la George, amene tsopano anagona ku Auburndale pafupi ndi makolo ake. Ndikukapereka Lolemba.