Makatoni a LA amene ndinawaona akutuluka

Bambo anga atamwalira, amene anapeza galimoto yonyamula maliro kupita kumudzi anali abwana anga. Analipiranso theka la mtengo wa bokosi, ndipo anachezera nafe pa siwa mpaka mbandakucha. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti munthu amene ndinakamunenera akuluakulu anali wabwino kwa ine.

Nthawi imeneyo ndinkasunga makadi a mankhwala pa chipatala china chaching'ono chakumudzi. Katoni ikalowa ndilembe, ikatuluka ndilembe. M'dzinja, malungo atavuta, ndinaona kuti mankhwala a malungo a LA akutha msanga kuposa chiwerengero cha odwala a m'kaundula. Ndinawerenga katatu, ndikuganiza kuti ndasokoneza ndine. Lachisanu lina madzulo ndinabwerera kukatenga foni imene ndinaiwala pa chaja, ndipo ndinapeza wakabaza akumangirira makatoni awiri pa njinga yamoto. Abwana anali chiimire pakhomo, makiyi ali m'manja.

Sanachite mantha. Anangoti, "Mwana wanga, mbuzi imadya pomwe aimangirira. Malipiro athuwa akukwanira ndani?" Kenako anandipatira ndalama m'dzanja, ati ya fanta. Ndinalandira. Mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Ndinakhala chete masabata angapo. Mumtima ndinkati, kodi ine ndikhale kapirikoni wa munthu amene anandiikira bambo anga? Kwathu munthu wosayamika timamuona ngati mfiti, ndipo ine sindinkafuna dzina limenelo.

Tsiku lina kunabwera mayi atabereka mwana wotentha thupi ngati mbaula. Atamuyeza anamupeza ndi malungo, koma pawindo anauzidwa kuti mankhwala atha, akagule ku sitolo. Mayiyo anamasula mfundo ya chitenje n'kuyamba kuwerenga tindalama take pomwepo, kubwereza kawiri, ngati kuti tichuluka. Ine ndinali kuseri kwa windolo, khadi lili m'manja, ndikudziwa kumene mankhwala a mwana wakeyo anapita. Mayi ameneyo sanandigulire bokosi, dzina langa sankalidziwa, koma ntchito ija anandilemba chifukwa cha iyeyo. Zabwino zimene abwana anandichitira zinali ngongole yanga, ndiye bwanji aibweze ndi mwana wa eni?

Ndinayamba ndapita kwa abwanawo, chifukwa wakutsina khutu ndi mnansi. Ndinawabwezera ndalama ija n'kuwapempha kuti asiye. Anaseka n'kundifunsa ngati ndaiwala amene anandithandiza. Mwezi wotsatira makadi anaonetsa kuti mankhwala akuperewerabe, ndipo ndinakwera minibasi kupita kuboma ndi makope a makadiwo m'chikwama.

Anthu amakonda kufunsa kuti pa Cashgate mu 2013, ndalama za boma zoposa K13 biliyoni zinatuluka bwanji m'miyezi isanu ndi umodzi yokha popanda wokuwa. Ine sindidabwa. Macheke aja anadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo ndikhulupirira kuti ena mwa iwo anali ngati ine: ali ndi abwana amene anawapezera ntchito, ali ndi ana a sukulu, ali ndi lendi. Manthawo si achabe. Mu July 2015 a Issa Njauju, mmodzi wa akuluakulu a bungwe lolimbana ndi katangale la Anti-Corruption Bureau, anapezeka ataphedwa ku Lilongwe. Ngati zinaoneka kwa munthu wa udindo wotero, kalaliki wa kumudzi alimbe mtima ndi chiyani? Lamulo lolimbana ndi katangale limati dzina la woulula libisidwe, inde, koma pamalo pamene ogwira ntchito mumawerengeka ndi zala, aliyense amadziwa amene amasunga makadi.

Anadziwadi. Anzanga anasiya kundiitana pa nsima ya masana. Ndikalowa m'chipinda, nkhani inkathera panjira. Wina anandiuza maso ndi maso kuti ndathira mchenga m'chakudya cha ana a mnzanga. Chimene chinandipweteka koposa ndi mawu a amayi anga: "Iwe, munthu amene anatinyamulira maliro uja?" Ndinalephera kuwayankha, chifukwa sankanama.

Abwanawo anachotsedwa pamalopo. Ine ndinapempha kusamuka patapita miyezi ingapo, poti kukhala pakati pa anthu osakulankhula kumadwalitsa.

Chaka chatha ndinamva kuti akazi awo amwalira. Ndinakwera basi, ndinakafika madzulo, ndipo ndinachezera pa siwa monga anachitira iwo kwathu. Usiku wonse sanandiyang'ane. M'mawa ndinagwada pafupi nawo n'kupereka chipepeso changa. Analandira ndi manja awiri n'kunena kuti, "Zikomo, mwabwera." Mawu oti mwana wanga sanawatchule.