Ulemu wa m'matope ku damu la Lutembwe

Anamwino a ku kiliniki atandiyeza BP anapukusa mutu, ndipo anandilamula kuti ndichepetse mchere komanso ndiziyenda pansi tsiku lililonse, koma ndisayambe ndi phiri la Kanjala, chifukwa mtima wa mwamuna wa mimba ngati yanga sufuna kudzidzimutsidwa. Mnzanga wa ku ntchito ndiye anandiuza za damu la Lutembwe, kumene kumachokera madzi a m'mipopi yathu muno mu Chipata. Iye anati kanjira ka m'mphepete mwa madziwo n'kopanda chitunda, moti ngakhale ambuya oyendera ndodo angakamalize osapuma.

Pa 24 Okutobala, anzanga ali kalikiliki kuonerera magule a tsiku la ufulu, ine ndinavala nsapato zoyera zimene ndinagula pa salaula ku Kapata, n'kunyamuka dzuwa litapendeka. Mnzangayo sananame. Kamphepo kanali kuomba kuchokera pa madzi, anyamata anali kuwedza ndi mbedza, ndipo popeza mvula inali isanagwe, madzi anali ataphwera kutali, kusiya m'mbali dothi long'alukang'aluka looneka louma gwa.

Ndili mkati moyamikira thanzi langa latsopano, ndinaona kutsogolo apongozi anga aakazi akuchokera ku dimba, atasenza dengu la repu ndi tomato, kamdzukulu kawo kali pambuyo. Achinyamata a masiku ano amagwirana chanza ndi apongozi awo mpaka kujambulitsa nawo pa foni, koma ine ndinaleredwa ku mudzi ku Katete, kumene mkamwini sakumana maso ndi maso ndi apongozi pa njira. Ndinayenera kupatuka. Kumtunda kunali tchire loyanga chitedze, ndipo aliyense amene chitedze cha mu Okutobala chinamuyabwapo adzamvetsa chifukwa chake ndinasankha mbali ya ku madzi.

Phazi loyamba dothi linalilandira bwino. Lachiwiri linaboola pamwamba pouma paja, ndipo pofuna kulizula ndinalowetsanso linzake, mpaka matope akuda onunkha ndowe za ng'ombe anandifika m'akakolo.

Apongozi, poona kuti mkamwini wawo wapatuka monga mwa mwambo, anatula dengu, anagwada chondifulatira, nayamba kuomba m'manja.

"Mwachoma bwanji, atate?"

"Tachoma bwino, amai, kaya inu?"

Moni wa apongozi anga sathamangira. Anafunsa za mwana wawo, za adzukulu mmodzimmodzi ndi makalasi awo, za chifuwa cha wamng'ono uja, ndipo kenaka anatembenukira ku mtengo wa feteleza, nkhani imene ali nayo maganizo ambiri. Ine ndinali kuyankha zonse mwaulemu ndi kuomba m'manja, uku matope akudutsa m'katumba kulunjika m'maondo, pakuti ndikangosuntha pang'ono ndinali kuloweratu.

Amene anaona zoona anali kamwana kaja. "Ambuya, amalume akufupika!"

"Khala chete iwe, akuluakulu safupika," anatero apongozi osacheuka.

Kamwanako katalimbikira, iwo anasuzumira ndi diso limodzi, ndipo ndinaona mapewa awo akugwedezeka, ngakhale kuti mpaka lero amati chinali chifuwa. Vuto linali lakuti kundigwira dzanja sakanatha. Atalingalira pang'ono anamasula chitenje chimene anapinda ngati nkhata, anaponya nsonga imodzi chakumbuyo osayang'ana, ndipo inandimenya kumaso ndisanaigwire. Anakoka iwo, kanakoka kamdzukulu, onse atayang'ana ku phiri, mpaka ndinazuka ngati chinangwa n'kugwa chafufumimba pa kanjira. Nsapato ya kumanja inatsala pansi pamenepo pamodzi ndi sokosi yake.

Apongozi anayang'ana kumwamba, nati, "Dzuwa la chaka chino lanyanya," ndipo anasenza dengu lawo n'kumapita.

Mnyamata wa njinga yonyamula anthu amene ndinamuimitsa pa msewu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku phazi lopanda nsapato, anayala thumba la feteleza pa mpando, nandilipiritsa mtengo wa anthu awiri, ati winayo ndi matope. Pofika ku nyumba ndinapeza mai a kunyumba atateka kale madzi m'beseni, atakhala pa khonde ndi aneba atatu amene sanabwere kudzapempha moto.

Lamlungu lotsatira kamdzukulu kaja kanafika ndi mbale ya tomato ndi majombo a ku dimba a malemu apongozi aamuna. Kanagwada bwinobwino n'kunena kuti ambuya akuti ndipitirize kumvera anamwino, koma Lachiwiri ndi Lachisanu ndiwo masiku amene iwo amadutsa njira ija.