Jenereta ikakana kulira osathamangira kabureta

Anthu ambiri injini ikangovuta basi ayamba kumasula kabureta (kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya), pomwe nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono. Yambani mwaona kaye oilo, ma injini ambiri ngati Honda GX160 ali ndi sensa imene imadula moto oilo akatsika, nde mukhoza kukoka chingwe mpaka phewa kuwawa iyo ili duu.

Kenako chotsani pulagi, ilumikizeninso ku waya wake, igunditseni pa chitsulo cha injini nkukoka, moto uzioneka wabuluu osati wofiira, gap yake (kampata ka kunsonga kwa pulagi komwe moto umadumpha) ikhale 0.7 mpaka 0.8mm.

Koma ikamalira pa choke (kotsekera mpweya poliza injini) pokha, mukangotsegula nkuzima, apo nde kaburetayo, jeti (kabowo kodutsa petulo) yatsekeka ndi petulo wokhalitsa. Tsukani bwinobwino koma chonde osatokosa ndi singano, mukulitsa bowo iyambe kumwa mafuta nkumafuka utsi wakuda.