Bambo atuluka m'chipatala, zikomo nonse

Bambo tabwera nawo Lachisanu madzulo. Pano ali pakhonde kuno ku Chinamwali, akumwa phala okha ndi dzanja lamanja, lomwe lija linkagwetsa supuni. Ndikulemba maso akulemera ndi tulo, ndiye amene ndikudumpheni mundikhululukire.

Ambiri mukudziwa kuti anagwa panjinga pochokera kumsika wa Thondwe. Anadzuka, kudzisasa fumbi, n'kupalasa mpaka kunyumba, ife n'kuiwalako. Patatha masabata asanu mutu unayamba kuwawa, kenako kukoka mwendo, kenako kunditchula dzina la malemu azakhali. Ena anati ndi ukalamba. Ena anati alodzedwa. Ena anati tiwaperekeze ku mental.

Mulungu anatikonzera dokotala wachitsikana kuchipatala cha Queens ku Blantyre. Dzina sindilemba poti sindinawapemphe, koma mayi inu, ngati uthengawu ukupezani, dziwani kuti banja lathu likukutchulani m'pemphero usiku uliwonse. Ndinu nokha amene munafunsa kuti, "Kodi bambowa anagwapo posachedwapa?"

Atawajambula mutu pa CT scan, dokotalayo anandiitanira pakompyuta. Ine ndinangoona zotuwa zokhazokha. Anaimika cholembera pakati pa chithunzicho n'kunena kuti, "Achemwali, munaswapo mtedza pakati? Ubongo ulinso choncho, mbali ziwiri zofanana. Ife timayang'ana uku, n'kuyang'ana uko. Pamene zasiyana m'pamene timaima." Ndinayang'anitsitsa. Mbali imodzi makwinya a ubongo ankaoneka bwinobwino, mbali inayo anali atafufutika ngati pasitidwa. Timphako tiwiri ta madzi ta pakati paja, timene timakhala ngati mapiko a gulugufe, kamodzi kanali kataphwatalala. Mzere wapakati unali utachoka pansi pa cholembera chija, utakankhidwa ndi mamilimita 9. Anati ukapitirira 5 iwo sakhalanso pansi.

Anali magazi. Timitsempha tinaduka tsiku la njinga lija, magazi n'kumadontha pang'onopang'ono pakati pa ubongo ndi chikopa chake cholimba, kumanzere kwa mutu. N'chifukwa chake dzanja lamanja ndi limene linafooka, paja ubongo wa kumanzere umayendetsa mbali ya kumanja. Chimene chimandigwirabe mtima n'chakuti magazi atsopano amaoneka oyera mbee pachithunzi, akakhalitsa amada, koma a bambo anali pakatikati, otuwa ngati ubongo womwewo. Munthu wothamanga akanatha kuwadumpha. Mayi aja anawapeza poyerekeza mbali ziwirizo, ndipo anadekha kundifotokozera ine wogulitsa kaunjika, pamene panja pali mzera wa odwala. Ndinalira pomwepo, iwo anangondigwira phewa mpaka ndinatonthola.

Usiku womwewo bambo analowa ku fiyeta. Anawaboola timabowo tiwiri pachigaza, magazi n'kutuluka, kapaipi n'kukhalamo masiku awiri. M'mawa wa tsiku lachitatu bambo ananditchula dzina langa lenileni. Ambuye, ndinu wamkulu, ndilibe choti ndingakubwezereni.

Zikomo amayi a Mvano, ndiwo zanu zinkatipeza ku Blantyre zikadali zofunda. Zikomo aneba athu amene munadzutsa galimoto 4 koloko m'bandakucha osafunsa za mafuta. Achimwene ku Johannesburg, ndalama zija zinafika pa nthawi yake. Amayi anzanga amene tinkagona limodzi pasimenti podikirira odwala, mmodzi wa inu anandibwereka mbaula sabata yathunthu, ndipo sindinafunse n'komwe kwanu. Anamwino a usiku, Mulungu akuonjezereni mphamvu.

Amene munali patsogolo kunena za ufiti koma foni zanu n'kuzima tsiku lofuna thiransipoti, takuonani. Pakhomo m'potsegula, bambo akukukumbukirani mayina nonse tsopano.

Tsiku lotuluka ndinawasaka dokotala aja kuti ndiwapatse nthochi ndi mapeyala a kuno ku Zomba, koma anali ku fiyeta ndi wodwala wina. Ndinasiya kwa anamwino. Tikubwereranso pakatha masabata awiri kukaonetsa bala, ndipo sindichokako ndisanawagwire chanza.

Ofuna kudzawaona bambo bwerani masana, m'mawa akumagona. Chonde musawayambitse nkhani ya njinga, akuifunsa kale ndipo taibisa kwa amalume ku Matawale.